Ku Dwangwa ndidakatenga makina a bambo anga

Uthenga udabwera pa WhatsApp usiku wa Lachitatu, pa nambala yomwe sindinkaidziwa. Adali mawu ojambula, osafika ndi mphindi imodzi yomwe. Nditatsegula ndidamva kaye mphepo, kenako chifuwa, kenako mawu a munthu wachikulire: "Mwana wa achimwene, ndine bambo anu aang'ono kuno ku Dwangwa. Foniyi ndabwereka kwa mnyamata wa kutchalitchi. Kuno kuli katundu wanu. Mukapeza mpata mubwere mudzatenge ndikadali moyo."

Ndidaumvera kanayi uthengawo, kenako ndidaika foni kunsi kwa pilo ngati kuti iluma.

Bambo anga adali telala pakhonde la sitolo ina pa Kasungu. Adamwalira mu 2005, ine ndili Sitandade 7. Maliro atangotha, akuchimuna adabwera ndi ngolo. Adatenga njinga, wailesi, malata omwe malemu ankasunga kuti adzafolerere nyumba, ndi makina osokera a Singer. Amayi adagwada pabwalo kupempha kuti atisiyire makina okhawo, kuti azibwereketsa kwa telala wina n'kumapezako ya sopo ndi ya sukulu. Amene adawanyamula paphewa, osacheuka n'komwe, ndi bambo aang'ono omwewa. Lamulo latsopano loteteza chuma cha masiye, la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, lidabwera mu 2011. Kwa ife lidapeza madzi atatayika kale. Ndidakhala pakhomo zaka ziwiri ndikugulitsa mandasi, amayi akusankha fodya pa ganyu, ndisadabwerere m'kalasi.

Ndine wopemphera, ndipo kwaya ndimaimba. Koma ndiulule pano kuti zaka zonsezi, tikafika pa gawo la kukhululukirana m'pemphero lija Ambuye adaphunzitsa ophunzira awo, ndinkangogwedeza milomo. Akuluakulu amati chibale ndi fupa sichiola. Amatinso mlandu suola. Mwa ine zonse ziwiri zidakhala osaola, chimodzi pamwamba pa chinzake.

Ndidanyamuka ku Lilongwe Lachisanu m'mawa, mwezi wa July, mwera uli pachimake. Ku Salima minibasi idakhota pa Kaphatenga kulowa msewu wa M5, uja wotsata nyanja kupita kumpoto. Ndi msewu wokongola koma wosalola munthu kugona: apa chigamba, apa dzenje, apa mlatho wopapatiza woti galimoto zizidikirana. Pa Chia anyamata adathamangira m'mawindo ndi nsomba m'manja, ndipo mayi yemwe ndidakhala naye adagula chambo ziwiri n'kupempha dalaivala kuti azimangirire panja, pa galasi loonera kumbuyo, kuti mphepo iziziomba. Palibe adadabwa.

Pa boma la Nkhotakota ndidatsika ngakhale ndidalipira mpaka ku Dwangwa. Ndidauza kondakitala kuti ndili ndi kanthu koti ndione. Zoona zake n'zakuti miyendo inkakana.

Ndidayenda mpaka ku mishoni ya Anglican, komwe kuli tchalitchi cha All Saints ndi chipatala cha St Anne's. Pamenepo pali mkuyu waukulu womwe anthu amautcha mtengo wa Livingstone. M'zaka za m'ma 1800 tauni imeneyi idali doko la akapolo. Jumbe Salim bin Abdallah, wamalonda wa Chiswahili, adakhazikika pano cha m'ma 1840, ndipo anthu ogwidwa kumtunda ankawalongedza m'zombo za matanga n'kuwaolotsa nyanja, kenako ulendo wapansi mpaka ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja ya mchere. David Livingstone adafika pano mu 1863 n'kulankhula ndi Jumbe kuti malondawo athe. Sadathe. Adapitirira mpaka m'ma 1890, nthawi yomwenso amishoni a UMCA adatsegula mishoniyi. Bishopu Chauncy Maples, yemwe adamira panyanjayi mu 1895, adaikidwa pompano.

Nditakhala pamthunzipo ndidakumbukira John Newton, Mngelezi uja adalemba nyimbo ya Amazing Grace. Ambiri timaikonda nkhani yake chifukwa timaifupikitsa: woyendetsa sitima ya akapolo adakumana ndi namondwe, adalira kwa Mulungu, basi adasintha. Koma namondweyo adachitika mu 1748, ndipo Newton adapitiriza kunyamula akapolo mpaka 1754. Kabuku kake kodzudzula malondawo poyera kadatuluka mu 1788, patatha zaka 40. Chisomo chidamupeza msanga, koma chidatenga moyo wake wonse kuti chimumasule zala chimodzichimodzi. Nanga aja adawanyamula m'sitima zake? Iwo nyimbo sadalembe. Ndidadzuka pamenepo ndili kumbali yawo, ndithu, ndipo ndidakwera Sienta yopita ku Dwangwa mtima uli gwa.

Kuchoka pa boma ndi makilomita opitirira 50. Mumaoloka mtsinje wa Bua, womwe umatsika kudutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota ndipo umadziwika ndi nsomba za mpasa. Midzi ya chinangwa ndi mpunga imapitirira kwa kanthawi, kenako mwadzidzidzi dziko limasanduka nzimbe zokhazokha, zobiriwira mpaka komwe maso alekezera, ngalande za madzi zikudula pakati mowongoka. Dwangwa mumayamba kumumva ndi mphuno. Fungo la manyuchi a nzimbe ndi utsi limalowa m'galimoto musadaone nyumba ndi imodzi yomwe.

Tauniyi idabadwa ndi shuga. Kampani ya Lonrho idatsegula minda ndi fakitale kumathero a mtsinje wa Dwangwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo Illovo idazitenga mu 1997. Pafupi pomwepo pali fakitale ya Ethco, yomwe kuyambira 1982 imapanga ethanol kuchokera ku manyuchi otsala popanga shuga. Palinso alimi wamba omwe amalima nzimbe m'minda yawo n'kumagulitsa kufakitale. Nyengo yodula imayamba mvula ikatha, cha mu April, mpaka mvula ina ili pafupi. Madzulo amatentha munda woti udulidwe mawa, ndipo timasamba takupsa timagwa ngati mvula yakuda, pa zovala zoyanika, m'mbale ya nsima, paliponse. M'bandakucha odula amatuluka ndi zikwanje, pobwerera ali bii, maso ndi mano okha zikuoneka. Pamsika mumamva Chichewa, Chitonga, Chitumbuka, Chiyao ndi Chisena pa benchi imodzi ya usipa, chifukwa ntchito idakoka anthu kuchokera konsekonse. Mtsinje womwe udapereka dzina ku malowa umachokera kwathu ku Kasungu. Ndili mwana tinkauoloka pa M1 osaganizako kuti kumunsi kwake kuli dziko lotere.

Mtsinje womwewo ndi umene udasefukira kumapeto kwa February 2024. Mvula idagwa masiku otsatizana m'dera la Senior Chief Kanyenda, anthu adafa, zikwi zidathawira m'misasa ya m'masukulu ndi m'matchalitchi. Miyezi isanu pambuyo pake zipsera zidali poyera: maziko opanda makoma, mulu wa dothi pomwe padali nyumba, mchenga pomwe padali dimba.

Mnyamata wa foni uja adandichingamira pa siteji ndi njinga yamoto ya kabaza. Adandisiya kuseri kwa tchalitchi china cha njerwa zosapaka, pa kanyumba ka chipinda chimodzi komwe kale ankasungiramo mabenchi. Panja padakhala nkhalamba yowonda, ikusenda chinangwa chovuula m'madzi kuti ichiyanike. Ndidaima kuyembekeza chimphona chija chidanyamula makina paphewa. Padalibe chimphona. Adali iwowo.

Adadzuka, n'kutulutsa mpando umodzi wokha womwe udalipo, iwo n'kukhala pansi. Ndidakana, ndidakhala pamphasa. Tidalonjerana ngati alendo. Chomwe chidandigwira n'chakuti ankanditchula "inu". Kale ndidali "iwe", kapena "kamwana aka".

Nkhani yawo adaifotokoza okha, ine osafunsa. Adabwera ku Dwangwa patangopita zaka zochepa chichitikire maliro aja, kudzadula nzimbe pa ganyu m'minda ya alimi. Malata ndi njinga zidathera kumowa. Ikakhala ndalama ya ganyu, inkafika kwa mayi wotcheza kachasu isadaone khomo. Akazi awo adatopa n'kubwerera kwawo ndi ana. Miyendo ya makina, ija yachitsulo yopondera, adagulitsa kalekale. Koma mutu wa makinawo adalephera kuugulitsa. "Ndimati ndikapeza wogula, usiku wake achimwene ndimawalota atakhala pakhonde akusoka, osandiyang'ana," adatero. M'malo mwake ankauika pinyolo kwa mayi wa kachasu, kuuwombola, kuuikanso.

Usiku wa madzi uja adali ataledzera, ali gone m'nyumba. Adawatulutsa ndi anyamata a kwaya ya tchalitchi chomwechi, omwe kwa zaka ankawatukwana kuti amasokosa pophunzira nyimbo. Adawanyamula pachitseko, madzi ali m'chiuno. Nyumba idagwa m'mawa mwake. Makina adapulumuka chifukwa adali pinyolo, ndipo mayi wa kachasuyo amakhala pamtunda. Pamenepa adaseka pang'ono, ine ndidadzigwira.

Kumsasa, tsiku lachiwiri lopanda mowa, thupi lidayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, akuona zinthu zoyenda pakhoma. Ena adati ndi ziwanda. Mkulu wina wampingo adawapempherera, inde, koma atatha adabwereka njinga n'kupita nawo kuchipatala. Apa ndiimepo pang'ono, chifukwa ambiri tili ndi wina wotere pabanja: munthu yemwe wamwa kwambiri kwa zaka akasiya mwadzidzidzi, thupi limatha kuchita zoopsa, mpaka kukomoka ndi kugwa ngati wakhunyu, ndipo ena amafa. Woteroyo amafunika achipatala. Kumeneko adawayezanso magazi, ndipo lero ali pa mankhwala otalikitsa moyo. Botolo lake adandionetsa osachita manyazi, lili m'kachikwama kapulasitiki limodzi ndi buku lakuchipatala.

Ndidafunsa, mwina mwachipongwe pang'ono: "Ndiye mudachira?"

"Ayi, mwana wanga. Ndikuchira. Mu May ndinagwanso, masiku atatu. Akulu ampingo aja anakanditola kumowa komweko. Sanandikalipire. Anangoti tiyeni kunyumba, phala lazizira."

Mawu amenewa ndakhala nawo kuyambira tsiku lija. M'mafoni mwathumu mwadzaza mavidiyo a machiritso a pompopompo: munthu wagwa, wadzuka, waponya ndodo, mneneri wapukuta thukuta. Ena akugulitsa timabotolo ta madzi ndi mafuta odzozedwa, ena mpaka kuuza odwala kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, ndipo ena mwa omwe adamvera tidawaika m'manda. Ine sindikana kuti Mulungu amachiritsa. Koma chinthu chikakhala ndi mtengo wake pa Airtel Money kapena Mpamba, dzina loti chisomo chataya, chifukwa tanthauzo la liwulo ndi mphatso yomwe wolandira sadaigwirire ntchito ndipo sangailipire. Paulo yemwe, mu 2 Akorinto 12, akufotokoza kuti adapempha katatu kuti chomwe chinkamubaya m'thupi chichoke, ndipo sichidachoke. Adangolonjezedwa mphamvu yoti ayende nacho. Chomwe ndidachiona kuseri kwa tchalitchi chija chidali cha mtundu umenewo: bambo wachikulire wogona pamphasa pafupi ndi chidakwa chonjenjemera, amayi a chigwirizano osinthana kubweretsa kondowole ndi utaka, mnyamata wokumbutsa tsiku lokatenga mankhwala.

Loweruka ndidazemba. Ndidakwera kabaza kupita ku Ngala, kumpoto pang'ono, n'kukhala pamchenga tsiku lonse. Mwera udali utavundula nyanja, asodzi atakokera mabwato kumtunda akusoka maukonde. Palibe chomwe ndidaganiza chanzeru. Ndidadya chipisi, ndidayang'ana mafunde, ndidabwerera kumalo ogona alendo.

Lamulungu ndidalowa m'tchalitchimo n'kukhala kumbuyo. Adalalikira ndi mkulu wampingo uja, ndipo adawerenga Mateyu 20, fanizo la mwini munda yemwe adalemba aganyu m'mamawa, ena dzuwa litakwera, ena masana, ena kutatsala ola limodzi kuti aweruke, koma madzulo onse adawalipira mofanana. Fanizoli ndalimva kambirimbiri ku Lilongwe, pakati pa anthu a m'maofesi, ndipo limadutsa bwinobwino. Ku Dwangwa lidavuta. Theka la abambo m'menemo ndi odula nzimbe, anthu odziwa kuti malipiro amatsata mizere yomwe wagwetsa. Mlaliki atafunsa kuti, "Kapitawo atachita zimenezi mawa, mungatani?" tchalitchi chonse chidachita phokoso. Wina kumbuyo adakuwa kuti, "Sitalaka!" Anthu adafa nacho chiseko.

Mlalikiyo adadikira kuti phokoso lithe. Kenako adati oyamba aja palibe chomwe adaberedwa, adalandira zomwe adapangana. Chidawawawa n'chakuti mnzawo wochedwa uja nayenso ana ake adya usiku umenewo. Adatinso ufumu wa Mulungu ukadakhala wa mizere, palibe mwa ife akadakwanitsa tikiti ya tsiku, ndipo adatchula Aefeso 2, pomwe Paulo akuphunzitsa kuti chipulumutso ndi mphatso kuti pasapezeke wodzitama. Ine pamenepo nkhope idatentha. Ndidadziona bwinobwino: wa m'mamawa ndine. Ndidavutika, sindidabe, sindidaledzere, ndidaimba kwaya. Ndipo uyo wa ola lomaliza ali apo pabenchi lachitatu, jekete lobwereka, akuimba mokweza kuposa aliyense. Si chilungamo, ndidatero mumtima. Mpaka pano mbali ina ya ine ikuterobe.

Koma mlaliki sadalekere pomwepo, ndipo ndimamuyamikira. Adapita kwa Zakeyu, mu Luka 19. Yesu adalowa m'nyumba ya wokhometsa msonkho uja asadabweze kanthu kalikonse. Kubweza kudabwera pambuyo, Zakeyu ataona kuti walandiridwa kale. "Chisomo sichifufuta ngongole ya mnzako," adatero mkuluyo. "Chimakupatsa miyendo yoti ukaibweze." Ndidamva pambuyo pake kuti kuyambira April bambo aang'ono ankalima maganyu m'madimba, thupi lomwelo lofooka, kusonkhanitsa ndalama yowombolera makina komaliza. Ampingo adafuna kuwasonkhera, iwo adakana.

Titaweruka adandiitanira m'kanyumba kaja. Adakoka chinthu chokutidwa ndi chitenje kunsi kwa benchi. Utoto wagolide wa maluwa aja udali utafufutika, gudumu lili ndi dzimbiri, koma adali omwewo. Pambali pali pomwe ndidakanda ndi msomali ndili wamng'ono, bambo n'kundikwapula ndi tepi yoyezera. Ndidatsegula kachitseko kapansi. Bobini idali momwemo, ulusi wabuluu, mtundu wa yunifomu ya sukulu.

Adagwada. Munthu wamkulu, mng'ono wawo wa bambo anga, kugwadira ine. Ndidati, "Dzukani, anthu aona." Adakana.

"Ndinalakwira malemu, ndinalakwira mayi anu, ndinalakwira inu. Malata ndi njinga sindingathe kubweza. Sukulu yanu ija sindingathe kubweza. Sindikupempha kuti muiwale. Ndimafuna mumve ndi pakamwa panga kuti chinali choipa, ndipo ndinachita ndine."

M'mafilimu a ku Nigeria apa m'pamene nyimbo imayamba, anthu n'kukumbatirana. Ine ndidafunafuna mawu oti "ndakukhululukirani" ndipo sadapezeke. Ndikadawanena likadakhala bodza, m'nyumba ya tchalitchi. Chomwe chidatuluka n'chakuti, "Ndamva, Bambo." Ndidazindikira nditanena kale kuti padatha zaka 19 ndisadawatchule choncho. Iwonso adazindikira. Adadzuka pang'onopang'ono atagwira khoma, n'kupita panja kukatembenuza chinangwa chawo.

Madzulo ndidaimbira amayi ku Kasungu. Sindidawauze za ulendowu ponyamuka. Adakhala chete nthawi yaitali moti ndidayang'ana foni kuona ngati mayunitsi atha. Kenako adafunsa ngati makinawo akuzungulira. Ndidati gudumu likulimba koma likuyenda. Adati mafuta ake alipo, asungira m'kabotolo penapake. Adakhalanso chete.

"Iwowo akuoneka bwanji?"

"Awonda, Amayi. Akudwala, koma akumwa mankhwala."

"Ali ndi chofunda? Kunyanja kumazizira mwezi uno."

Ndidati ndaona kansalu kamodzi kopyapyala. Adapumira m'mwamba, mpweya uja amapuma akamawerenga ndalama yosakwana.

"Uwagulire bulangete. Usanene kuti ndanena ndine."

Lolemba m'mawa ndidagula bulangete la kaunjika pamsika, paketi ya shuga ndi sopo. Munthu wadula nzimbe zaka zonsezo, m'nyumba mwake mudalibe ndi supuni imodzi ya shuga. Ndidasiya nambala yanga kwa mnyamata wa kabaza uja kuti azindiuza zikavuta, ngakhale zitakhala kuti agwanso. Bambo aang'ono adandiperekeza mpaka pamsewu, makina atawasenza okha paphewa. Ndidafuna kuwalandira, adakana. Tidayenda choncho pakati pa mathirakitala odzaza nzimbe, phulusa la usiku likuuluka m'mapazi, iwo akupumira kawirikawiri.

Pa siteji kondakitala adati makinawo alipire mpando wake. Ndidati ndiwanyamula pamiyendo. Adati ndi olemera, mufika nawo kuti? Ndidati pa boma, kenako ndikwera ya M18 yodutsa m'nkhalango kupita ku Kasungu. Adaseka, n'kunena kuti pofika pa Bua ndikhala nditasintha maganizo. Pofika pa Bua miyendo idali itachita dzanzi mpaka m'chiuno, dzimbiri litadetsa siketi yanga, ndipo foni idalira m'chikwama. Adali amayi, akufunsa ngati ndakumbukira kufunsa za shatulo, chifukwa popanda iyo makinawo sasoka.